Feteleza ndikuthira koma chimanga chikucheperachepera: kodi munda ndiusiye?

Funso

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Santhe m'boma la Kasungu. Ndili ndi munda wa maekala atatu umene anandisiyira malemu mayi anga. Kale bambo ankalimamo fodya ndi chimanga ndipo nkhokwe inkadzaza mpaka kudenga. Lero ndimayesetsa kugula feteleza, akachepa ndimangogawa pang'onopang'ono kuti akwane munda wonse, koma ndikapeza matumba 8 pa ekala ndiye kuti ndachita mwayi. Chimanga chimachita chikasu, kaufiti ali paliponse, ndipo kumunsi kwa munda kwayamba kachigwembe. Atsibweni akuti munda watha, tigwetse mitengo yatsala kumtunda tiwotche makala, ndalama yake ndigulire feteleza, kenako ndikatsegule munda wina kudambo m'mphepete mwa kamtsinje. Mtima wanga ukukana, koma njala ikundiopsa. Ndichite chiyani?"

Yankho

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya pakhomo panu. Mtima ukhale m'malo, munda wanu sunathe. Ndagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri m'madera a Kasungu ndi Mchinji, ndipo zonse mwatchulazi, chikasu, kaufiti ndi kachigwembe, ndi zizindikiro za nthaka yotopa imene ikhoza kutsitsimuka. Sindikunamizani kuti zitheka m'chaka chimodzi. Nthaka imene yakhala ikudyedwa zaka makumi atatu imafuna dzinja litatu kapena linayi kuti ibwerere mwakale, koma zina mudzayamba kuziona chaka choyamba chomwe.

Atsibweni anu musawaone ngati akukuponyani m'phompho mwadala. Iwo anakula nthawi imene munda ukaguga anthu ankausiya tsala n'kukatema mphanje kwina, ndipo pobwerera patapita zaka ankapeza nthaka yachira yokha. Nzeru imeneyo inkagwira chifukwa malo analipo. Pa kalembera wa 2018 boma la Kasungu linapezeka ndi anthu oposa 800,000, pomwe chigawo chachikulu cha kumadzulo ndi nkhalango yotetezedwa ya Kasungu National Park, ndipo malo ena ambiri anapita ku maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mphanje yoti munthu akateme lero kulibe. Zatsala ndi madambo, magombe a mitsinje ndi timitengo ta m'malire, ndipo zimenezi ndizo zikusungira mudzi wonse madzi.

Musanagule kanthu, tengani khasu mukakumbe maenje awiri ofika m'mawondo. Lina mukumbe pakati pa munda pamene chimanga chimakana, lina pansi pa mitengo yakumtunda ija akuti igwe. Dothi la pansi pa mitengo mudzalipeza lakuda, lofewa, la kafungo ngati ka bowa, ndipo mukalifumbata limagwirana kenako n'kuyoyoka m'timibulu. La pakati pa munda lidzakhala lotuwa, lopanda fungo, lothawa m'mipata ya zala. Mukapitiriza kukumba, khasu lidzafika pena n'kuyamba kudumpha ngati lagunda msewu. Chimenecho ndi chikhakha, dothi logogomezeka limene limapangika chifukwa chaka ndi chaka khasu limalekezera pamalo amodzimodzi, mapazi nawo akuponda pomwepo. Muzulenso chitsa cha chimanga cha chaka chatha muone mizu yake. Kawirikawiri imakhala itapindikira m'mbali m'malo molowa pansi. Ndinachitapo zimenezi ndi bambo wina cha ku Chamama amene ankalimbikira kuti munda wake analodzedwa. Atagwira mizu yopindikayo m'manja anakhala chete nthawi yaitali, ndipo m'mawa mwake ndinamupeza atayamba kale kuswa pansi ndi piki. Munthu akaona yekha safuna kumukakamiza, n'chifukwa chake ndikupempha kuti pokumba maenjewa atsibweni akhalepo.

Dothi la chigwa cha Kasungu lambiri ndi la mchenga. Chonde chake chinkachokera ku masamba a mitengo ya tsamba ndi mombo amene ankayoyoka n'kuwolerana kwa zaka zambirimbiri, ndipo chinkakhala pamwamba pokha. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, mitengo yambiri inapita ku zigafa ndi mikangala, mapesi anapita kukawotchedwa pa nazale, ndipo fodya ndi chimanga zinkangosinthana kudya popanda chobwezera. Nkhokwe ija inkadzaza m'nthawi ya bambo anu inkadzazidwa ndi chuma chimene nkhalango inasiya m'nthaka. Chumacho ndicho chatha.

Apa ndipo mungamvetse chifukwa chake feteleza sakukuyankhani. Zowolerana m'nthaka ndizo zimagwira madzi ndi chakudya cha mbewu kuti mizu izimwa pang'onopang'ono. Zikasowa, kuthira yureya pa mchenga kumakhala ngati kutunga madzi ndi dengu: mvula yamphamvu ikagwa kawiri, wambiri amakhala atatsika kupitirira mizu kapena atakokoloka, chimanga n'kubwerera ku chikasu. Komanso yureya akamathiridwa zaka zambiri popanda manyowa amaonjezera asidi m'nthaka, ndipo asidi akachuluka mbewu imalephera kudya ngakhale chakudya chilipo. Sindikunena kuti feteleza ndi woipa. Pa nthaka ngati yanu adzafunikabe. Koma pa mtengo umene wafika, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lililonse liyenera kugwera pa nthaka yotha kulisunga.

Kaufiti naye amakonda nthaka yosauka. Amayamwa chimanga kumizu asanatulukire n'komwe, moti pamene mukuona timaluwa tofiira tija ntchito yake amakhala atagwira kale. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi zooneka ngati fumbi, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa khumi. Muzimuzula asanachite maluwa, ndipo wamaluwa kale mumutulutse m'munda mukamutenthe. Koma chomugonjetsa chenicheni ndi kubwezera chonde ndi kusinthanitsa mbewu, zomwe ndifikeko posachedwa.

Ntchito yoyamba ndi ya madzi, chifukwa manyowa ndi feteleza zonse zimapita ndi madzi othamanga. Taganizani: mvula ya mamilimita 30, imene ikhoza kugwa masana amodzi mu Januwale, imatsanulira malita pafupifupi 120,000 pa ekala imodzi, omwe ndi migolo 600 ija ya malita 200. Madzi amenewo akalowa pansi ndiwo amapulumutsa chimanga pa ng'amba ya masabata awiri kapena atatu, ngati ija tinaiona m'dzinja la 2023/2024 mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Akathamanga pamwamba ndiwo akukumba kachigwembe kanu. Pemphani alangizi kapena mlimi wachitsanzo abwere ndi chingwe ndi levulo nthawi ya chilimwe ino, akhome zikhomo za akalozera, mizere ikuluikulu yotsogolera inayo, modutsa chitsetso, inu muunde akalozerawo, ndipo mizere yonse itsatire iwowo. Poyamba mizere yokhotakhota imaoneka yachilendo ndipo anthu odutsa amaseka, koma mvula yoyamba ikagwa mudzaona madzi ali phee pakati pa mizere m'malo mothamangira kumunsi. Mvula ikakhazikika mubzale udzu wa vetiva m'mbali mwa kalozera aliyense, mapesi ake motalikirana ngati chikhatho. Akagwirana amasefa dothi lonse, safalikira m'munda, ndipo udzu wake umafolera nyumba. Pakati pa mizere muikemo ngonyeka, timizere tatifupi topingasa totsekera madzi, mamita awiri kapena atatu alionse, kupatula pamalo pamene madzi amakonda kudikha.

Kachigwembe musakayambire pokuya. Yendani chokwera tsiku la mvula muone kumene madziwo akuchokera. Nthawi zambiri ndimapeza kuti ndi kanjira ka anthu kapena malire a minda iwiri, pamene aliyense amatsegulira mizere yake kuti madzi atuluke. Mukatseka gwero, m'chigwembemo mukhomemo zikhomo mopingasa, mulukemo nthambi kapena muunjike miyala, timipanda tatifupitifupi tambiri, pakati pake potsikirapo kuti madzi azidumpha pakati osati kukumba m'mbali. Dothi likayamba kudikha kuseri kwa timipandato mubzalemo vetiva, nsenjere, nthochi kapena nsungwi. Ngati madzi akuchokera m'minda ya anzanu akumtunda, nokha simungathe. Nkhaniyo ipite kwa amfumu kuti onse olima m'khwawa limenelo agwire ntchito pamodzi.

Chachiwiri ndi moto. Zimandiwawa kwambiri ndikamayenda mu Ogasiti ndi Seputembala n'kuona minda ili bii, utsi uli tolo, chifukwa cha ana osaka mbewa kapena mwini munda amene akufuna kusosa mwachangu. Mapesi, masangwi a mtedza ndi masamba a soya ndiwo chakudya cha nthaka chimene simugula. Mukakolola, mapesi agonekeni pakati pa mizere n'kuwaojeka akadali ndi kachinyontho, kapena aphimbireni pamwamba ngati mukufuna kuyesa ulimi wa mtayakhasu, wobzala osagalauza nthaka kapena kuunda mizere. Lambulani m'mbali mwa munda, ndipo pemphani amfumu aike lamulo la m'mudzi pa za moto ndi ziweto zongoyendayenda. Midzi imene inagwirizana pa zimenezi ndi imene ndaiona ikusintha msanga.

Za mtayakhasu ndinene mosabisa, poti ena amaulalikira ngati mankhwala a matenda onse. Umathandizadi kusunga chinyontho ndi kuteteza nthaka, koma uli ndi zovuta zake. Zaka zoyamba udzu umavuta. Chikhakha chikakhala chisanasweke mizu imavutikabe. Pamalo a lowe chimanga chimachita chikasu. Ndipo kukatuta mapesi kapena udzu kwina kudzaphimbira kagawo kamodzi ndi kulemeretsa pano posaukitsa apo. Yambani ndi kagawo kochepa, mwina kota ya ekala, muswe pansi kamodzi ndi piki kapena khasu lalitali, muphimbire ndi mapesi a pomwepo, muone m'mene zikuyendera musanakuze.

Tsopano pa njala imene ikukuopsani. Chimene ndinene chimamveka chododometsa: chepetsani malo a chimanga. Feteleza wokwana ekala imodzi mukamugawa pa maekala atatu, chimanga chonse chimangolawa osakhuta, inu n'kupalira maekala atatu, n'kukolola za ekala imodzi. Sankhani ekala imene ili ndi mphamvuko, muikepo manyowa onse ndi feteleza yense, thumba la wokulitsa ndi thumba la wobereketsa. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira. Wokulitsa alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi, m'munda mopalira kale, ndipo muzimukwirira. Ekala imodzi yosamalidwa chotere, mvula ikagwa bwino, ikhoza kukupatsani zofanana ndi zimene mukupeza pa maekala awiri panopa.

Maekala awiri otsalawo apite ku mbewu za gulu la nyemba. Mtedza ndi soya zimachita bwino ku Kasungu ndi Mchinji, ndipo zili ndi timibulu kumizu timene timakoka chakudya cha mbewu kuchokera mu mpweya. Mukazula soya wa mwezi umodzi ndi theka n'kutswanya kambulu kamodzi ndi chikhadabo, mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti ntchito ikugwirika. Soya, monga wa Tikolore, mumusakanize ndi inokulanti, mankhwala okhala ndi tizilombo tothandiza kupanga timibulu tija, tsiku lobzala, pamthunzi, ndipo mubzale mizere iwiri pa mzere umodzi. Mtedza, monga wa CG7, ubzalidwe msanga ndiponso mothithikana kuti matenda a kadukutu asaupeze mpata. Mbewu ziwirizi zimanyenganso kaufiti wa chimanga: njere zake zina zimamera zikamva mizu, koma zimasowa poyamwa n'kufa. Chaka chamawa chimanga chipite pamene panali mtedza kapena soya, muzizungulira choncho. Mukaona kaufiti wa maluwa achikasu mu mtedza, khobwe kapena soya, ameneyo ndi mtundu wina umene umagwira mbewu za gulu la nyemba, nayenso azulidwe asanabale.

Nandolo ndimamukonda chifukwa mizu yake imaboola chikhakha ndipo masamba ake amayoyoka ambiri. Mukhoza kumubzala pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi, chifukwa amakula mochedwa ndipo salimbana nawo. Vuto lake kwathu kuno n'lakuti amakhalabe m'munda pamene mbuzi ndi ng'ombe zamasulidwa, komanso msika wake si wodalirika ngati wa kum'mwera. Bzalani woti mudye pakhomo ndi kukonzera nthaka. Pa soya napo chenjerani: nthawi yokolola mavenda amagwetsa mitengo, choncho ndi bwino kukhala m'gulu kapena m'kopaletivi kuti muzigulitsa pamodzi, ndipo musagulitse zonse musanawerenge chimanga chimene chikufunika pakhomo mpaka Malichi.

Manyowa ayambe kukonzedwa mukangokolola. Kaya ndi a dzenje, a chimato kapena a changu, chofunika n'kusakaniza zouma, zaziwisi, ndowe ndi phulusa pang'ono, kuthirira, ndi kuwateteza ku dzuwa. Ndowe zongounjikidwa pabwalo miyezi isanu zimakhala zitataya mphamvu yambiri. Poti sangakwane kumwaza munda wonse, muziika manja awiri pa phando. Mwina mwamvanso za manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa, madzi pang'ono ndi feteleza wochepa, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Amathandiza, ndipo alimi ambiri apulumukirapo. Chokhacho musakhulupirire kuti makilogalamu 10 a feteleza asanduka thumba lathunthu la makilogalamu 50. Mphamvu ya feteleza imakhala yomwe munaikamo ija, kuphatikizapo ya ndowe ndi gaga. Ubwino wake ndi woti chakudyacho sichithawa msanga ndipo nthaka imapatako zowolerana. Chimanga chikayamba kuonetsa njala chisanamasule, chionjezereni wobereketsa.

Tifike pa mitengo ija. Mukaigwetsa mudzapeza matumba angapo a makala, ndalama yake mwina yosakwana n'komwe feteleza wa chaka chimodzi, ndipo chaka chinacho mudzakhala mulibe makala, mulibe nkhuni, mulibe mthunzi, madzi akutsika kuchokera kumtunda mwaukali kuposa kale. Mitengo imene ili kumutu kwa munda ndiyo imayamba kuswa mphamvu ya mvula. Dziwaninso kuti lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuwotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo zilango zake zinakwezedwa kwambiri. Ndaonapo mabanja akugulitsa mbuzi zonse kuti awombole munthu amene anagwidwa ndi matumba awiri pa njinga. Ngati mukufuna nkhuni kapena milimo, sadzani nthambi, thunthu lisiyeni.

Njira yotchipa kwambiri yobwezera mitengo ili kale m'munda mwanu. Yang'anani zitsa zimene zimaphukira chaka chilichonse inu n'kumazisadza pososa: mphakasa, chitimbe, kadale, msuku, muwanga, mthethe. Pansi pake pali mizu yakale yamphamvu imene ikungodikira mpata. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani, ndipo muzisadzira nthambi zam'munsi kuti zisaphimbe mbewu. Mphukira zimakula msanga kuposa mbande za ku nazale, sizifuna kuthirira, ndipo chiswe sichizivutitsa kwenikweni. Ndaona mbande zambirimbiri zobzalidwa ndi nyimbo ndi magule m'nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, zitauma pofika Okutobala chifukwa panalibe wozisamala. Mphukira zosamalidwa ndi mwini munda sizichita zimenezo.

Pa mitengo yobwezera chonde, msangu ndiwo mfumu yake. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, moti chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi, ndipo nyemba zake ziweto zimadya m'chilimwe. Ubzalidwe motalikirana mamita 10 mbali zonse. Koma ndi mtengo wa munthu wodekha: kuno kumtunda umakula mochedwa kusiyana ndi ku Salima kapena ku chigwa cha Bwanje, ndipo phindu lake lenileni adzalidya bwino ndi ana anuwo. Wofulumira ndi gilisidiya. Anayesedwa zaka zambiri ku Makoka m'boma la Zomba, ndipo njira yake ndi yobzala m'mizere pakati pa chimanga, kumudula m'mawondo kawiri kapena katatu pa chaka, n'kukwirira masamba ake m'nthaka. Kusintha kumayamba kuoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo timitengo take ndi nkhuni. Ntchito yake ndi yodula pa nthawi, chifukwa mukamulekerera amaphimba chimanga. Ombwe ndi jelejele nazo zimakonza nthaka msanga, koma ngati mukuganiza zodzabwerera ku fodya musazibzale pamalo amenewo, chifukwa zimasunga timinyongolotsi totupitsa mizu timene timasautsa fodya. Mukadzabwereradi ku fodya, bzaliranitu mitengo ya chigafa chamoyo, chimene mphanda zake ndi mitengo yomera pomwepo, kuti musamadule mphanda chaka ndi chaka. Bulugamu yekha asayandikire munda, chitsime kapena dambo. Malo ake ndi pa chitunda pouma pamene simulimapo.

Kudambo kuja ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musapiteko ndi mizere ya chimanga cha dzinja. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse, ndipo ndilo limachititsa kuti zitsime ndi mijigo ya m'mudzi isaphwe mu Okutobala. Mukalitipula mpaka m'mphepete mwa kamtsinje, zaka ziwiri zoyamba chimanga chidzakusangalatsani ngati sichimira, kenako gombe lidzayamba kugumuka, mchenga udzakwirira dothi lakuda lija, ndipo kamtsinje kadzasanduka ngalande yodzaza tsiku limodzi n'kuuma mawa lake. Timitsinje ta kwanuko timathera mu Bua, mtsinje wochokera ku Mchinji umene umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja ya Malawi, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene nsomba ya mpasa imakwerabe kukaswana. Dothi lochoka m'munda wa kwa Santhe limakafika kumeneko. Dimba la chilimwe la masamba, tomato kapena chimanga chachiwisi mukhoza kulima, ndipo lingakuthandizeni pa ndiwo ndi ndalama ya sopo pamene munda waukulu ukuchira. Likhale cham'mbali mwa dambo, musakumbe ngalande zophwetsa pakati pake, ndipo pa kamtsinje kakang'ono ine ndimalangiza kusiya mamita osachepera 10 mbali iliyonse, pamene bango, nsenjere, katope ndi mikuyu zizikula mosasokonezedwa.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndiyofunika. Munthu sabzala msangu pa munda umene akuopa kuti mawa alandidwa. Poti mundawu ndi wa malemu mayi anu ndipo atsibweni ndiwo eni mbumba, khalani nawo pansi pamodzi ndi abale ena, mugwirizane poyera kuti malire ndi ati ndipo mitengo ndi ya yani. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu, mayi kapena bambo, kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu, imene mwa mamembala ake 6 osankhidwa, osachepera atatu amayenera kukhala amayi. Funsani amfumu kapena ofesi ya za malo kwa DC kuti ntchitoyi yafika pati kwanuko. Polankhula ndi atsibweni musayambe ndi kuwatsutsa. Apempheni kuti akupatseni zaka zitatu pa ekala imodzi, iwo akhale mboni.

Thandizo lina musachedwe kulifuna. Kachigwembe kakafika m'chiuno kapena kakayamba kudya munda wa mnzanu, itanani alangizi a za nthaka kudzera ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu la ulangizi (EPA), chifukwa chigwembe chachikulu chikatsekedwa molakwika chimangotsegula njira ina pambali. Chimanga chikapitiriza kuchita chikasu kapena kufiira masamba ngakhale mwathira manyowa ndi feteleza pa nthawi yake, dothi likayezedwe. Alangizi adzakuonetsani katengedwe kake ndi kutumiza ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze kapena ku bungwe la kafukufuku la ARET ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake ndizo zidzanene ngati pakufunika laimu wochepetsa asidi m'nthaka ndi muyeso wake. Musagule laimu mongoganizira. Za mbewu ya mitengo ndi malo opeza vetiva funsani alangizi a zankhalango kapena komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu. Ndipo chakudya chikatheratu pakhomo ntchitoyi isanabale zipatso, kauzeni amfumu ndi komiti ya chitukuko msanga kuti dzina lanu lisaphonye pa thandizo limene lingabwere. Mwana akayamba kuonda kapena kutupa mapazi, thamangirani kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.

Mwezi uno chitani zitatu zokha: kumbani maenje awiri aja atsibweni ali pomwepo, tetezani mapesi ku moto, ndipo kalembetseni kwa alangizi kuti adzakukhomereni akalozera mvula isanagwe. Mukakumba mundilemberenso, mundiuze kuti khasu layamba kudumpha pakuya bwanji ndiponso mitengo yakumtundayo ndi ya mitundu yanji, kuti tidzaone pamodzi ekala yoyambira ndi mbewu yoyenera kutsogola.